THOMAS MACLEAR, KATSWIRI WA ZA NYENYEZI

M'boma la Mangochi, m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi, muli malo otchuka otchedwa Cape Maclear. Ambiri amalitchula dzinali, koma ndi oŵerengeka amene amamdziŵa mwini wake. Munthuyo sadapondepo m'dziko lathu lino, komabe ntchito yake idathandiza kuti nyanja, mitsinje ndi mapiri athu zilembedwe pa mapu m'malo ake enieni.

Thomas Maclear adabadwira ku Newtownstewart, m'dziko la Ireland, pa 17 Malichi 1794. Adaphunzira ntchito ya udokotala naigwira ku Bedford ndi ku Biggleswade, ku Mangalande. Masana ankachiza odwala, koma usiku ankapenya nyenyezi ndi makina oonera zakutali. Luso lake litadziŵika, m'chaka cha 1833 boma la Britain lidamsankha kukayang'anira nyumba yopenyera nyenyezi ya ku Cape Town, ndipo adafika kumeneko mu 1834.

M'zaka zinayi zoyamba adagwirizana kwambiri ndi katswiri mnzake, John Herschel, amene adadza kudzaŵerenga nyenyezi za kumwera. Maclear adalondola ulendo wa nyenyezi ya mchira ya Halley mu 1835 ndi 1836. Adapimanso nyenyezi yoŵala yotchedwa Alpha Centauri, natsimikiza zimene Thomas Henderson adapeza za kutalika kwake kuchokera kuno. Nyenyezi imeneyi inunso mungathe kuiona mutayang'ana chakumwera.

Ntchito yake yaikulu idali yopima maonekedwe a dziko lapansi. Mu 1752 Mfalansa wina, dzina lake Lacaille, adapima mtunda kuchokera ku Cape Town kuloŵera kumpoto. Masamu ake adaonetsa ngati mbali ya kumwera ya dziko ndi yosiyana ndi ya kumpoto, monga momwe peyala likhalira. Kodi zimenezi zidali zoona? Pofuna kupeza yankho, Maclear ndi omthandiza ake adayamba kupimanso mu 1841. Ankakwera mapiri ndi zipangizo zolemera, namagona pamphepo, kufikira mu 1848.

Chimene chidasokeretsa Lacaille ndi ichi. Popima nyenyezi ankadalira chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, chonga chija amisiri amaongolera khoma la nyumba. Koma phiri lalikulu limakoka zinthu zimene zili pafupi nalo. Mutaimika chingwe chotere patsinde pa Phiri la Mulanje, kachitsulo kangapendekere kuphiriko pang'ono kwambiri, mwakuti maso sangaone. Mapiri a ku Cape nawonso adakoka chingwe cha Lacaille. Zimene Maclear adapeza zidasindikizidwa mu 1866, ndipo nkhani ya peyala idathera pomwepo.

Mu 1852 David Livingstone adafika ku Cape Town. Maclear adamphunzitsa mwakhama kupima dzuŵa, mwezi ndi nyenyezi kuti azidziŵa malo enieni amene wafika. Kuyambira pamenepo aŵiriŵa adakhala pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Pa maulendo ake Livingstone ankalemba manambala m'buku natumiza ku Cape Town. Kumeneko Maclear ndi anzake ankaŵaŵerengera mosamala, ndipo ojambula mapu ankatsata zimene iwo apeza.

Mu Epulo 1859 Livingstone ndi John Kirk adafika ku Nyanja ya Chilwa, naona Phiri la Mulanje lili njo chakumwera. Mu Seputembala chaka chomwecho adafika ku Nyanja ya Malaŵi. Makolo athu ankaŵadziŵa kale malo onseŵa ndi maina ake. Chachilendo chidali kuŵalemba pa mapu mothandizidwa ndi nyenyezi. Mu 1861, poyendera nyanjayo pa bwato, Livingstone adatcha ndomo ina dzina la bwenzi lake. Pamalo pomwepo, pafupi ndi mudzi wa Chembe, ndi pamene padayambira Mishoni ya Livingstonia mu 1875.

Maclear adaphunzitsanso achinyamata. Mmodzi mwa iwo, Charles Piazzi Smyth, adadzakhala mkulu wa za nyenyezi ku Scotland. Mu 1860 Mfumukazi Victoria adalemekeza Maclear ndi dzina laulemu la Sir. Iye adapuma pa ntchito mu 1870. Maso amene adapenya nyenyezi zaka zambiri aja adachita khungu mu 1876, ndipo adamwalira pa 14 Julayi 1879. Manda ake ali pabwalo la nyumba yomwe ankagwiramo ntchito.

Mbiri ya Maclear itiphunzitsa kuti ntchito yosamalitsa siiŵalika. Iye sadatope kubwereza masamu ake kufikira atatsimikiza kuti ali bwino, ndiponso sadaumire anzake nzeru.

MAFUNSO

1. Kodi Maclear ankagwira ntchito yanji asanapite ku Cape Town?
2. Nchiyani chidasokeretsa Lacaille popima dziko?
3. Fotokozani momwe Maclear adathandizira Livingstone.
4. Pezani Cape Maclear, Nyanja ya Chilwa ndi Phiri la Mulanje pa mapu a Malaŵi.