Dr. Daniel Malekebu: Mwana wa ku Chiradzulu amene adakhala dokotala woyamba wa dziko lino

Anthu ambiri akafunsidwa kuti Mmalawi woyamba kukhala dokotala ndani, amatchula Dr. Hastings Kamuzu Banda. Koma zaka 20 a Kamuzu asadalandire digiri yawo, mwana wina wa Chiyao wochokera m'boma la Chiradzulu adali atamaliza kale maphunziro a udokotala pa sukulu yomweyo ya Meharry ku America. Dzina lake ndi Daniel Sharpe Malekebu. Iye sadali Msilamu. Adali Mkhristu komanso m'busa wa mpingo wa Baptist. Ngakhale zili choncho, mbiri yake ikutikhudza ife Asilamu, chifukwa ikuonetsa zimene mwana wa m'dziko lino ankayenera kutaya kuti afike pa maphunziro a zachipatala, komanso chifukwa chimene agogo athu ambiri adaopera sukulu.

Ubwana wake ku Mbombwe

Daniel adabadwa cha m'ma 1890, dziko lino litatsala pang'ono kulowa m'manja mwa Angerezi. Mu 1900, John Chilembwe atabwerako ku maphunziro ake ku Virginia, adakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, malo amene lero timangowatchula kuti PIM. Daniel adali mmodzi mwa ana oyamba kulowa sukulu ya pamishoniyo, ndipo adabatizidwira pomwepo.

Mpingo wa anthu akuda a ku America wa National Baptist Convention udatumiza anthu awiri kudzathandiza Chilembwe: a Landon Cheek ndi mayi Emma DeLaney, ndipo mayiwa adafika mu 1902. Mayi DeLaney ankaphunzitsa ana ndi amayi, ndipo Daniel ankawathandiza ntchito za pakhomo uku akuphunzira Chingerezi. Mayiwa atabwerera kwawo cha m'ma 1905, mnyamatayo adafunitsitsa kuwatsatira kuti akapitirize sukulu, koma makolo ake sadalole. Pamenepo iye adathawa kwawo.

Nthawi imeneyo njanji inali isadafike ku Blantyre. Daniel adayenda wapansi mpaka ku doko la Beira ku Mozambique, ndipo kumeneko adapeza ganyu m'sitima yapamadzi. Adadzera ku England n'kukafika ku New York ali wachichepere, wopanda mbale kapena bwenzi kupatula mphunzitsi wake uja.

Sukulu ya Meharry

Ku America adayamba waphunzira pa Selma University m'chigawo cha Alabama, kenako pa sukulu ina ku Durham m'chigawo cha North Carolina. Atakhwima m'maphunziro adalowa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville ku Tennessee.

Sukulu imeneyi idatsegulidwa mu 1876, ukapolo utangotha kumene ku America, pofuna kuphunzitsa anthu akuda udokotala popeza sukulu zambiri za azungu zinkawakana. Mu 1886 idatsegula nthambi yophunzitsa madokotala a mano, ndipo patapita zaka zochepa idayambanso kuphunzitsa akatswiri osakaniza mankhwala.

Daniel adafika pa Meharry nthawi imene maphunziro a udokotala ankasintha kwambiri. Mu 1910, munthu wina wofufuza za maphunziro, Abraham Flexner, adatulutsa lipoti atayendera sukulu 155 za udokotala ku America ndi ku Canada. Lipotilo lidati dokotala asamangoloweza zimene wauzidwa, koma aziphunzira sayansi mu labotale ndi kuona odwala m'chipatala asadapatsidwe digiri. Sukulu zambiri zidatsekedwa. Mwa sukulu 7 za anthu akuda, zidatsala ziwiri zokha, Howard ndi Meharry, zomwe zidachititsa kuti mwayi wa munthu wakuda wokhala dokotala uchepe zedi. Pa khomo lopapatiza chonchi ndi pamene mwana wa ku Chiradzulu adalowera, ndipo mu 1917 adalandira digiri yake.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tione mmene zinthu zinalili kuno kwathu. Kafukufuku wa matenda ankachitika ndithu. Pakati pa 1911 ndi 1914, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Sir David Bruce lidali m'dziko lino kufufuza matenda a kaodzera ndi ntchentche za kashembe zimene zimawafalitsa. Koma ofufuza onse adali azungu. Munthu wakuda, ngakhale wanzeru chotani, ankalekezera pa kukhala wothandiza dokotala: kutsuka mabala, kupereka mankhwala ndi kumasulira chilankhulo. A John Gray Kufa, amene adaphunzira ntchitoyi pa mishoni ya Blantyre, adali wodziwika kwambiri mwa othandiza oterewa. Digiri ya a Malekebu idatsimikiza kuti chimene chinkasowa kwa ana a dziko lino sinali nzeru ayi, koma mwayi.

Kukanizidwa kulowa kwawo

A Malekebu ali pa sukulu, kwawo kudachitika zoopsa. Pa 23 January 1915 Chilembwe ndi anthu ake adaukira ulamuliro wa atsamunda. Pa 3 February Chilembwe adaphedwa, a Kufa ndi ena ambiri adanyongedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chidagwetsedwa ndipo mishoni idatsekedwa.

Atamaliza udokotala, a Malekebu adachitanso maphunziro a zaubusa pa Moody Bible Institute ku Chicago. Mu 1919 adakwatira mayi Flora Zeto, amene adabadwira ku Congo ndipo adaphunzira pa sukulu ya Spelman ku Atlanta. Banjali lidanyamuka kubwera ku Africa, koma mu 1921 boma la atsamunda lidawakaniza kukhazikika m'dziko la Nyasaland. Kwa akuluakulu a boma, munthu wakuda wophunzira ku America, amenenso adali wophunzira wa Chilembwe, adali woopsa kuposa matenda amene akadachiza.

Apa m'pofunika kulingalira. Dziko linali litangovutika ndi mliri wa chimfine wa 1918, malungo ndi nthomba zinkapha ana, madokotala adali owerengeka ndipo ambiri ankakhala m'matauni. Koma dokotala yekhayo wobadwira m'dzikolo, wodziwa chilankhulo cha odwala, adabwezedwa. Iye ndi mayi Flora adapita ku Liberia, komwe adagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute uku akupemphabe chilolezo chobwerera kwawo.

Zaka za ku PIM

Chilolezocho chidapezeka, ndipo mu 1926 a Malekebu adafika ku Mbombwe n'kutsegulanso mishoni imene idakhala bwinja kwa zaka 11. Adamanga tchalitchi chatsopano, sukulu ndi chipatala. Mayi Flora ankaphunzitsa atsikana ndi amayi. Anthu a m'midzi yozungulira adayamba kuonedwa ndi dokotala amene sankafuna womasulira, amene ankadziwa chakudya chawo, madzi amene ankamwa ndi ntchito imene inkawatopetsa.

Iwo adaona kuti matenda ambiri gwero lake ndi umphawi. Chiradzulu linali boma lothithikana, malo ambiri abwino adali m'manja mwa azungu a maesiteti, ndipo anthu ankagwira thangata kuti asathamangitsidwe pamalopo. Mu 1929 a Malekebu adayambitsa bungwe la Chiradzulu District Native Association, lomwe linkasonkhanitsa mafumu ndi anthu ophunzira kuti azikapereka madandaulo a anthu ku boma. Mosiyana ndi mphunzitsi wawo Chilembwe, iwo adasankha njira ya misonkhano ndi makalata. Mu 1945 adakhazikitsa National Baptist Assembly of Africa, yomwe idalumikiza mipingo yawo m'mayiko angapo a kummwera kwa Africa.

Ntchito ya mpingo idawadyera nthawi yambiri, kotero kuti anthu ambiri amawakumbukira ngati m'busa kuposa ngati dokotala. Komabe iwo ndiwo adalambula njira. Mu 1937 a Kamuzu adamaliza pa Meharry pomwepo, ndipo popeza boma la Angerezi silinkavomereza digiri ya ku America, adapitanso ku Edinburgh kukalemba mayeso ena. Dr. Malekebu adamwalira mu 1978 ali okalamba, dziko lili lodzilamulira koma lisadakhalebe ndi sukulu yakeyake ya madokotala.

Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'masiku a Daniel sukulu zonse zinali za mishoni. Kulowa m'kalasi nthawi zambiri kunkatanthauza kuphunzira chipembedzo cha eni sukulu, kusintha dzina ndi kubatizidwa. Makolo ambiri a Chisilamu ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota adaona ana a anzawo akupita njira imeneyo, ndipo adasankha kusunga ana awo kumadrasa, pamapazi a masheikh monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje. Sitingawadzudzule. Adateteza Deen, ndipo chifukwa cha iwo lero adhana ikumveka m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Koma chisankho chimenecho chidatisiyanso m'mbuyo pa ntchito za udokotala, unamwino ndi uphunzitsi kwa mibadwo ingapo.

Chisilamu pachokha sichidadanepo ndi maphunziro a zachipatala. Zaka zoposa 900 a Malekebu asadalandire digiri, dokotala wa Chisilamu Abu al-Qasim al-Zahrawi wa ku Cordoba, m'dziko limene lero ndi Spain, adalemba buku lotchedwa al-Tasrif la magawo 30. M'gawo lomaliza adajambula zipangizo pafupifupi 200 zochitira opaleshoni, kuphatikizapo zopalira litsiro la m'mano ndi zozulira mano, ndipo adafotokoza kamangidwe ka mano ogwedera ndi waya wa golide kapena siliva. Bukuli lidamasuliridwa m'Chilatini ndipo madokotala a ku Ulaya adaligwiritsa ntchito kwa zaka mazana ambiri. Ngakhale mswaki umene timagwiritsa ntchito tisadaswali, potsatira Sunnah ya Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, ndi umboni wakuti kusamala mano ndi thupi kuli m'kati mwa chipembedzo chathu.

Lero mwana safunikanso kuyenda wapansi mpaka ku Beira, kapena kusiya chikhulupiriro cha makolo ake, kuti akhale dokotala. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira mu 1994. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Mu 2019 sukuluyi, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano koyamba m'mbiri ya dziko lino. Madokotala a mano akadali ochepa kwambiri, n'chifukwa chake m'midzi yathu munthu amapirira dzino lobooka mpaka tsaya kutupa, ndipo akafika kuchipatala chotsala chimakhala kuzula basi.

Kafukufuku nayenso adafika kwawo kwa a Malekebu. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV m'boma la Chiradzulu, pa nthawi imene ambiri ankati mankhwalawa sangatheke kumidzi ya mu Africa. Zotsatira za ntchitoyo zidasindikizidwa mu 2006 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo zidaonetsa kuti odwala a kumudzi amatha kumwa mankhwala mokhulupirika ndi kupeza bwino. Zimene zidapezeka m'boma laling'onoli zidawerengedwa ndi madokotala a m'mayiko ambiri.

Kuno kunyanja mafunso ofunika kufufuza ndi ambiri. Likodzo likuvutitsabe ana amene amasamba ndi kuwedza m'nyanja tsiku ndi tsiku. Malungo, kolera ndi kunyentchera kwa ana sizidathe. Odwala shuga amafuna uphungu wa dokotala wodziwa bwino za swaumu mwezi wa Ramadhan usadayambe. Amayi ambiri amamasuka akamapimidwa ndi dokotala wamkazi. Amene angayankhe bwino mafunso amenewa ndi ana athu omwe, olankhula Chiyao ndi Chichewa, odziwa moyo wa kugombe.

Choncho udindo uli kwa ife makolo. Mwana apite kusukulu m'mawa, kumadrasa masana. Asasiyire panjira chifukwa cha usodzi, ulendo wa ku Joni kapena banja laubwana. Tizimufunsa za masamu, biology, chemistry ndi physics monga mmene timamufunsira za masura amene waloweza, chifukwa maphunziro amenewa ndi amene amatsegula khomo la sukulu ya madokotala. Atsikana apatsidwe mwayi wofanana ndi anyamata. Ndipo amene Allah adawadalitsa ndi chuma akumbukire kuti kulipirira fizi mwana wosauka amene akuphunzira udokotala ndi sadaka imene idzapitirire kuthandiza odwala iwo atapita kale.

Allah awapatse ana athu maphunziro opindulitsa, ndipo awasunge m'chikhulupiriro chawo. Ameen.