Hal Anger, Mmisiri wa Kamera Yoonera Mtima

Bambo Hal Anger anabadwa m'caka ca 1920 mu mzinda wa Denver ku America. Iwo sanali dokotala iai, koma mmisiri wa zamagetsi amene anatsiriza maphunziro ao pa yunivesite ya Berkeley mu 1943. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, analowa nchito pa Donner Laboratory, nakhala komweko kufikira 1982.

Masiku amenewo madokotala anali atayamba kubaya odwala mankhwala otulutsa ceza cosaoneka ndi maso, kuti adziwe m'mene ziwalo za m'kati zikugwirira nchito. Koma makina a Benedict Cassen olondola cezaco anali kuyenda pamwamba pa wodwala mzere ndi mzere, mocedwa ndithu. Mu 1957 Bambo Anger anapanga kamera yojambula ciwalo conse nthawi imodzi.

Vuto linali lakuti ceza cotere sicisonkhanitsidwa ndi galasi monga kuwala kwa dzuwa. Cotero patsogolo pa kamera anaikapo kolimeta, cochinga ca mtovu wonga uja unali kukumbidwa ku Kabwe. Yoyamba inali ndi kabowo kamodzi cabe. Pambuyo pake anakonza ina ya timabowo tambirimbiri tondondozana ngati cisa ca njuci, ndipo mu 1964 anasindikiza masamu osonyeza m'mene timaboto tiyenera kukulira. Ceza cobwera molunjika cimalowa, copendekeka cimathera mu mtovu.

Mwana wa ku Simonga akadula bango m'mbali mwa Zambezi nasuzumiramo, amaona nzeru yomweyi. Bango lalitali ndi lopapatiza limaloza malo amodzi okha, koma kuwala kumalowa pang'ono. Lalifupi ndi lotakata limalowetsa kuwala kwambiri, koma zinthu zimaonekera pamodzi. Momwemonso timabowo topapatiza timapereka cithunzi comveka, koma wodwala agone nthawi yaitali kapena alandire mankhwala ambiri. Totakata timafulumiza nchito, koma cithunzi cimatuluka ca cimbuuzi.

Pa mtima mpamene kusankha kumeneku kumalemera. Mtima sukhala cete, ndipo uli pafupi ndi ciwindi cimene naconso cimamwa mankhwalawo. Mankhwala onga thallium, amene anayamba kugwira nchito imeneyi m'zaka za m'ma 1970, amafika mu mnofu wa mtima molingana ndi magazi oyendamo. Pamene mtsempha wapanikizika pamaoneka pozilala. Cithunzi cikapanda kumveka, malo otere angabisike, wodwala nabwerera kwao wosadziwa ngozi imene ali nayo. Ncifukwa cake amisiri a pambuyo anapanga makolimeta a timabowo topenya ku mtima kokha.

Bambo Anger anamwalira ku Berkeley mu 2005 ali ndi zaka 85. Madokotala m'maiko ambiri amachulabe makinawo kuti kamera ya Anger.