Tawakali Sudi: Jumbe amene adagwira khomo la nyanja

Pa Ajumbe onse amene adalamulira Nkhotakota, Tawakali Sudi, Jumbe wachitatu, ndiye adakumana ndi nthawi yovuta koposa. Mpandowo adaukhazikitsa Salim bin Abdallah, Mswahili amene adafika m'dera la Mfumu Malengachanzi cha m'ma 1840. Sudi adaulowa m'zaka za m'ma 1870 ndipo ankalamulira ngati nthumwi ya Sultan wa ku Zanzibar.

Mphamvu zake zidagona pa dooko. Amalonda ochokera ku Kasungu ndi kuchigwa cha Luangwa ankatsikira ku Nkhotakota ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Zombo zamatanga zinkawawolotsa kupita tsidya lakummawa, kumene ulendo wapansi wa ku Kilwa unkayambira. Mwini zombo ndiye adali mwini njira, ndipo Achewa a kumtunda ndiwo ankalipira ndi ana awo.

Koma pamene Sudi ankakhazikika, zinthu zidali zitayamba kutembenuka. Mu 1873 Sultan Barghash adatseka msika wa akapolo ku Zanzibar ataumirizidwa ndi Britain. Mu 1875 sitima ya amishoni ya Ilala idalowa m'nyanja kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Njira yatsopanoyi, yochokera kummwera, idayamba kupikisana ndi yakale ya ku Kilwa, ndipo Britain ndi Portugal adayamba kuilimbirana.

Sudi adaona kumene mphepo ikulowera. Mu 1889 adachita pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya Britain, ndipo adamuthandiza pa ulendo wake wa ku Karonga kukayanjanitsa Mlozi ndi kampani ya African Lakes. Pambuyo pake boma la atsamunda linkamupatsa mapaundi 200 pachaka. Ena mwa anthu ake sadakondwe nazo. Mu 1893 nduna yake Chiwaura idamuukira, ndipo asilikali a Johnston ndiwo adamupulumutsa.

Moyo wake ukayezedwa ndi buku la chipembedzo chake, chiweruzo sichikhala chapafupi. Qur'an siidathetse ukapolo ndi lamulo limodzi, koma Surat Al-Balad imaika kumasula kapolo pamodzi ndi kudyetsa mwana wamasiye pa nthawi ya njala, ndipo Surat At-Tawba imalola kuti chopereka cha zakaat chiwombole akapolo. Akatswiri a malamulo a Chisilamu ankaletsanso kugwira mfulu popanda chifukwa n'kumugulitsa. Malonda amene adalemeretsa Nkhotakota adaponda chiphunzitsochi. Kumbali ina, Surat Al-Ma'ida imayamba ndi lamulo losunga mapangano, ndipo Sudi adasunga pangano lake ndi Johnston mpaka imfa, ngakhale kuti linkamudyera ufumu pang'onopang'ono.

Adamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sadakhalitse: atsamunda adamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar, ndipo ufumu wa Ajumbe udathera pomwepo. Mlozi, amene adasankha nkhondo, adanyongedwa ku Karonga mu 1895.

Zombo za Ajumbe zidatha, koma mpunga umene adalimbikitsa ukulimidwabe m'madambo a Nkhotakota, ndipo Chisilamu chidazika mizu m'bomalo. Nayo nkhani ya njira sidathe. Mafuta ndi feteleza amene mlimi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula amadikira amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, madooko amene makiyi ake ali m'manja mwa ena.