Norman Carr, mlenje amene anayamba wagwada kwa mfumu

Mukadutsa Namitete, n'kuwoloka malire pa Mchinji, kupitirira Chipata, mufika ku chigwa cha Luangwa. Kumeneko dzina la Norman Carr silinaiwalike.

Mkuluyu anabadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912. Anali mlenje, ndipo boma la atsamunda linamulemba ntchito yopha njovu zowononga minda. Ntchitoyi ndi imene inamutsegula maso: munthu amene njovu yamudyera chimanga sangaiteteze ngati sapindula nayo kanthu.

Mu 1950 anakambirana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda, yomwe inavomera kupatula gawo la dziko lake kuti nyama zisamaphedwemo. Alendo ankalipira kudzaona nyamazo, ndalama n'kumapita kwa eni nthaka. Masiku amenewo zinali zachilendo, poti atsamunda anazolowera kungolamula basi. Malowa lero ali m'kati mwa South Luangwa National Park.

Sikuti zonse zinayenda bwino ayi. Opha nyama mozembera lamulo anamaliza zipembere za m'chigwachi iye akuona. Anamwalira mu 1997.

Kuno kwathu nkhalango ya Dzalanyama ikutha ndi makala. Kodi wa m'mudzi woyandikana nayo amapindulanji akausiya mtengo uli chilili?