Al-Jazari, mmisiri amene anatuma madzi

Pa tsamba la mbiri m'kope lino tili ndi munthu amene sanali Sheikh, sanali mfumu, ndipo sanatsogolerepo asilikali. Anali mmisiri wa makina. Dzina lake ndi Ismail al-Jazari, ndipo anakhala ndi moyo zaka zoposa 800 zapitazo. Magetsi sanawaone, komabe mainjiniya a lero, kuphatikizapo a zamagetsi, akamafufuza kumene luso lawo linachokera amakumana ndi dzina lake. Chifukwa chake n'chakuti anali katswiri pogwiritsa ntchito mphamvu ya madzi oyenda, ndipo zimene ankadziwa anazilemba momveka, moti mpaka lero munthu angathe kuzitsata.

Kwawo ndi ntchito yake

Dzina lakuti al-Jazari likutanthauza munthu wa ku al-Jazira, dera limene lili pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, chakumtunda kwake. Ankatchedwanso Ibn al-Razzaz, kutanthauza mwana wa wogulitsa mpunga. Luso lake litadziwika anapatsidwa dzina laulemu lakuti Badi al-Zaman, ndiye kuti wodabwitsa wa m'nthawi yake.

Anayamba kutumikira banja lachifumu la Artuqid cha m'ma 1181. Mu 1183 Salah al-Din analanda mzinda wa Amid n'kuupereka kwa Nur al-Din Muhammad wa banja limeneli. Amid ndi mzinda umene lero umatchedwa Diyarbakir, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Turkey, m'mbali mwa Tigris, wozingidwa ndi linga la miyala yakuda. Kumeneko al-Jazari anagwira ntchito kunyumba yachifumu pansi pa mafumu atatu: Nur al-Din Muhammad, kenaka mwana wake Qutb al-Din Sukman, kenakanso mwana wake wina Nasir al-Din Mahmud. Pamene ankalemba buku lake n'kuti atatumikira banjalo zaka 25.

Bukulo linabadwa motere. Tsiku lina anabweretsa kwa Nasir al-Din Mahmud chipangizo chimene anamupangira. Mfumu itachiyang'anitsitsa inadandaula kuti ntchito zokhetsera thukuta ngati zimenezi zingadzatayike, ndipo inamulamula kuti azisonkhanitse m'buku pamodzi ndi zojambula zake. Al-Jazari anamvera. Bukulo, lodziwika m'Chiarabu kuti Kitab fi ma'rifat al-hiyal al-handasiyya, ndiye kuti buku la kudziwa makina aluso, linatha mu 1206, chaka cha 602 cha Hijra. Olemba mbiri ambiri amaika imfa yake m'chaka chomwecho. Mfumu ija ikanachedwa pang'ono, zonse zikanapita naye kumanda.

M'bukuli muli zipangizo 50 m'magulu asanu ndi limodzi: mawotchi 10 oyendera madzi kapena kandulo, ziwiya 10 za pamaphwando, mitsuko ndi mabeseni 10 osambira m'manja ndi oyezera magazi amene sing'anga watulutsa kwa wodwala, akasupe ndi zitoliro zoimba zokha 10, makina 5 okweza madzi, ndi zina 5 zosiyanasiyana. Pa zomalizirazi pali chitseko chachikulu cha mkuwa cha nyumba yachifumu ya ku Amid, ndi loko wa bokosi amene amatseguka pokhapokha munthu atalondolera zilembo m'malo mwake.

Makina okweza madzi

Mlimi wa m'mbali mwa Tigris anali ndi vuto limene aliyense wa dimba akulidziwa: madzi ali m'munsi, munda uli kumtunda. Pa makina asanu a al-Jazari, atatu ankayendetsedwa ndi nyama yozungulira, ndipo awiri ankayendetsedwa ndi madzi enieniwo.

M'makina achitatu, madzi akamagwa amazunguza gudumu lobisika pansi. Gudumulo limazunguza magudumu ena a mano, ndipo amenewa amakoka chingwe cha mitsuko yambiri imene imatunga madzi n'kukawakhuthulira m'ngalande ya pamwamba. Pamwambapo anaikapo ng'ombe yosema imene inkaoneka ngati ndiyo ikukoka, chikhalirecho ntchito yonse ankagwira ndi madzi. Makina a mtundu womwewu anamangidwa ku Damascus pa mtsinje wa Yazid m'zaka za m'ma 1200, ndipo anatumikira anthu mpaka cha m'ma 1960.

Makina achisanu ndiwo amene mainjiniya amachita nawo chidwi kwambiri. Ndi pampu ya mapaipi awiri onenepa a mkuwa, ogona moyang'anizana, ndipo m'paipi iliyonse muli chokankhira madzi. Mtsinje umazunguza gudumu, gudumulo limazunguza lina limene lili ndi chikhomo pambali, ndipo chikhomocho chimayenda m'mpata wa ndodo n'kumaigwedeza uku ndi uku. Ndodo ikapita kumanja, paipi ya kumanzere imayamwa madzi pamene ya kumanja ikuwakankhira kumtunda. Ikabwerera, ntchito zija zimasinthana. Timavalavu timatseguka mbali imodzi yokha kuti madzi amene akwera asabwerere. Amene munapondapo thiredo pampu kudimba mwaona kale nzeru yomweyi: mapaipi awiri olandizana, ndi timavalavu totseka njira yobwerera. Kusiyana kwake n'kwakuti kudimba mumaponda ndinu mpaka miyendo kuwawa, pamene pa makina a al-Jazari umaponda ndi mtsinje, usana ndi usiku, wosapempha chakudya kapena malipiro.

Apa ndi pamene nkhani yake ikukhudzira magetsi. Mu 1831, patatha zaka 625, Michael Faraday wa ku England anaonetsa kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumayenda magetsi. Kuchokera pamenepo, aliyense amene ali ndi chinthu chozungulira mosalekeza angathe kupanga magetsi. Pa Nkula, pamene makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1966, komanso pa Tedzani ndi pa Kapichira, madzi a Shire amazunguza gudumu, gudumulo n'kuzunguza jenereta. Theka loyamba la ntchito imeneyi, kusandutsa kuyenda kwa madzi kukhala kuzungulira kwa gudumu, ndi luso limene amisiri akale ngati al-Jazari analisamala n'kulikulitsa. Tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022. Tinaona tokha kuti dziko limafuna anthu odziwa kumanga ndi kukonza makina a madzi.

Mawotchi ndi madzi a wudhu

Wotchi yake yotchuka kwambiri ndi ya njovu. M'mimba mwa njovu yopanga munali thanki ya madzi, ndipo pamadzipo pankayandama mbale ya kachibowo pansi. Madzi ankalowa pang'onopang'ono, ndipo pakatha theka la ola mbaleyo inkamira. Pomira inkakoka chingwe chimene chinkamasula kampira ka chitsulo pamwamba pa nsanja imene njovuyo inasenza. Kampirako kankatuluka pakamwa pa kabawi n'kugwera m'kamwa mwa njoka. Njoka ikalemedwa inkawerama, ndipo poweramapo inkakoka mbale ija kuivuula m'madzi kuti iyambenso. Woyendetsa njovu ankamenya chida chake, anthu n'kudziwa kuti theka la ola latha. Chinsinsi chonse chinali pa kukula kwa kachibowo kaja. Kakakula pang'ono wotchi ithamanga, kakachepa ichedwa.

Wotchi ina, yoyamba m'bukuli, inali yaitali kuposa mamita atatu. Inali ndi vuto limene aliyense wa thanki akulidziwa: thanki ikadzaza madzi amatuluka mwamphamvu, ikamatha amangodontha. Wotchi yotere singasunge nthawi. Pofuna kuthana nazo, pansi pa thanki yaikulu panali kathanki kakang'ono kokhala ndi choyandama. Madzi akakwera m'kathankiko, choyandamacho chinkatseka pakamwa pa mpope, ndipo akatsika chinkatsegula. Motero madzi ankatuluka pa liwiro limodzi tsiku lonse. Makina odziwongolera okha otere ndi phunziro lalikulu kwa mainjiniya a zamagetsi lero, ndipo mpira woyandama umene umatseka madzi thanki ikadzaza umagwira ntchito mwa njira yomweyo. Wotchiyi inkasinthidwanso potsata nyengo, chifukwa masiku amenewo usana unkagawidwa maola 12 kaya ndi wautali kaya waufupi.

Panalinso zipangizo za wudhu. Mfumu sinkafuna kuti wantchito aziithirira madzi m'manja, choncho al-Jazari anapanga mtsuko wothira wokha. Anapanganso beseni limene madzi ake ankatuluka pakamwa pa mbalame ya pikoko. Madzi ogwiritsidwa kale ntchito akamasonkhana pansi, choyandama chinkakwera n'kutsegula kachitseko kotulukira kachidole konyamula sopo, ndipo akakweranso pankatuluka kena konyamula chopukutira.

Sitibisa kuti pa zipangizo 50 zija, 10 zinali za maphwando a kunyumba yachifumu, ndipo zina mwa izo zinali zothirira vinyo. Chisilamu chimaletsa zoledzeretsa, ndipo luso la mmisiri silisandutsa haramu kukhala halali. Al-Jazari anali munthu wolembedwa ntchito ndi mafumu, ndipo chiweruzo chake chili kwa Allah. Kwa inu ana athu pali chenjezo apa: mukadzakhala ndi luso, anthu a ndalama adzakufunani, ndipo si zonse zimene adzakutumeni zimene zidzakhale zoyenera.

Khalidwe lake pa ntchito

Chimene chimasiyanitsa buku lake ndi ena a nthawi imeneyo ndi kukhulupirika. Analemba zipangizo zimene anazipanga ndi kuziyesa yekha. Chilichonse anachijambula, mbali zake n'kuziika zilembo, ndipo anafotokoza miyeso, chitsulo choyenera, ndi dongosolo lolumikizira. Anafotokoza mmene ankamatira matabwa opyapyala pamodzi kuti asapindike, mmene ankayesera gudumu kuti lisalemere mbali imodzi, mmene ankayambira ndi chitsanzo cha pepala asanadule mkuwa, mmene ankaperera valavu ndi pokhalira pake mpaka zitagwirana osadontha, ndi mmene ankathirira mkuwa wosungunula m'chikombole cha mchenga. Kachibowo ka wotchi ankakakulitsa pang'onopang'ono, kuyesa, n'kukulitsanso mpaka nthawi italondola. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sanadzitengerenso ulemu wa ena. Anatchula amene anamutsogolera, monga Archimedes pa za mawotchi a madzi, ndi Banu Musa, abale atatu a ku Baghdad amene analemba buku la makina m'zaka za m'ma 800. Pamene anawonjezera nzeru yake ananena, ndipo pamene njira ya akale inamukanika atayiyesa ananenanso. Ku madrasa timaphunzira kuti hadith imalemera ndi anthu amene anailandizana, ndipo wonena amayenera kutchula amene anamuuza. Al-Jazari anachita chimodzimodzi ndi nzeru za makina.

Chifukwa cha kulemba kotere, bukuli silinafe. Linakoperedwa pamanja kwa zaka mazana ambiri, ndipo kope la mu 1206 likusungidwa ku Topkapi, mumzinda wa Istanbul. Eilhard Wiedemann ndi Fritz Hauser analifufuza m'Chijeremani kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo injiniya Donald Hill analimasulira m'Chingerezi mu 1974. Mu 1976 amisiri a ku London anamanga wotchi yaikulu ija potsata malangizo a m'bukumo. Ku Dubai, mu Ibn Battuta Mall, kuli wotchi ya njovu yaikulu yomangidwa potengera chojambula chake. Munthu amene anamwalira kalekale anatha kulangiza amisiri a chilankhulo china, ndipo iwo anamumva.

Zotitsalira ife

Ana a Fomu 2, posachedwa musankha maphunziro amene mupitirize nawo ku Fomu 3. Ena mumathawa masamu ndi fizikisi poganiza kuti ndi za anthu ena. Al-Jazari ankalemba m'Chiarabu chomwe mumaphunzira ku madrasa, ndipo anayamba buku lake ndi dzina la Allah monga mumayambira inu. Atsikana, mawu amenewa akukhudza inunso.

Makolo, mwana akamamasula wailesi yakufa kapena akamapanga galimoto ya mawaya, musafulumire kumukalipira kuti akuononga nthawi. Muonetsetse kuti waswali ndipo wawerenga, kenaka mumufunse kuti akufotokozereni chimene wapeza m'katimo.

Akuluakulu a komiti, m'mizikiti yambiri muli mjigo, thanki, pampu kapena sola. Zikaonongeka timadikira mmisiri mmodzi wochokera kutali, ndipo Jumu'ah imatipeza tikutunga madzi a wudhu ndi ndowa. Pempho langa ndi ili: mmisiri akadzabweranso, pakhale ana awiri kapena atatu a pasukulu pano oima pambali pake ndi kope, alembe chimene chinaonongeka, ajambule, alembenso mmene chakonzedwera, ndipo kopelo lizisungidwa ku ofesi. Nasir al-Din Mahmud sanapange makina ngakhale amodzi, koma ndi iye amene analamula kuti alembedwe.

Timaphunzitsidwa kuti maphunziro opindulitsa anthu ali m'gulu la zinthu zimene malipiro ake amamutsata munthu ngakhale atamwalira. Allah amukhululukire al-Jazari zolakwa zake, amulipire pa zabwino zimene anasiya, ndipo atulutse pakati pa ana athu amisiri oopa Iye ndi okhulupirika pa ntchito. Ameen.