DOTOLO JOHN KIRK NDI BOKOSI LACE LOJAMBULIRA

M'cipinda cathu cophunziriramo muli cithunzi ca mudzi wina wa ku Scotland m'nyengo ya cisanu. Mseu, minda ndi madenga a nyumba zonse zakwiririka ndi cipale cofewa, kotero kuti ana a Fomu 1 akaciona amayesa ufa wotayika. Ife a ku Manje cisanu cathu ndi ciperoni ca mwezi wa June cimene cimabisa phiri la Soce, koma cipale sitinacione ndi kale lonse. Tsono ndifuna kukuuzani za munthu wina wobadwira m'dziko lozizira lomwelo, amene anadza ndi bokosi lace lojambulira zithunzi kudzayenda m'maiko athu otentha ano.

John Kirk anabadwa pa 19 December 1832 ku Barry, m'dziko la Scotland. Atate wace anali mbusa wa mpingo. Anaphunzira zausing'anga ku Edinburgh natsiriza m'caka ca 1854, ndipo anakagwira nchito m'cipatala ca asilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Kumeneko anali kujambula kale zithunzi. M'caka ca 1858, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kutsagana ndi Dotolo Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi, kuti akhale sing'anga wa ulendowo ndi wofufuza za mitengo ndi zitsamba.

Cozizwitsa ndi ici: nchito yojambula sinali yace ai. Boma linaipatsa Charles Livingstone, mphwace wa Dotolo. Charles anali kujambula pa magalasi, amene anayenera kupakidwa mankhwala pomwepo ndi kulowetsedwa m'bokosi ali cinyowere. Wojambula m'cipale amabvutika ndi zala zouma ndi kuyera kothobwa m'maso. Ku Zambezi mdani anali dzuwa, limene linaumitsa mankhwala msanga, ndiponso magalasi anali olemera ndi osacedwa kusweka. Nchito ya Charles inapita pacabe pafupifupi yonse. Kirk anatenga njira yina, yojambula pa pepala lopaka phula. Pepalalo analibviika m'mankhwala a siliva mumdima, naliumitsa, ndipo linatha kudikira masiku angapo lisanagwire nchito. Madzulo analitsuka m'mankhwala ena ndi m'madzi oyera, ndipo cithunzi cinaturuka cotembenuka, poyera pali pakuda ndi pakuda pali poyera. Pambuyo pace analisanjika pa pepala lina padzuwa kuti cithunzi ceniceni cioneke. Anacita zonsezi pa nthawi yace yopumula, kawirikawiri malungo ali m'thupi.

Koma pepala lija linali ndi cirema cimodzi. Linali laulesi pakulandira kuwala, motero bokosi linayenera kukhala cotsegula mphindi zingapo, ndipo ciri conse cogwedezeka cinangosiya utsi pa cithunzi. Cifukwa cace zithunzi zambiri za Kirk za ulendowu ziri za zinthu zosayenda: milambe, nyumba za ku Tete, ziyangoyango za m'nkhalango, ndi sitima yao Ma Robert itaima pa Lupata. Anthu amene anapalasa mabwato, amene anasenza bokosilo, ndi amai amene anali kusinja m'midzi, saoneka kawirikawiri. Ici cimandipweteka mtima pang'ono. Lero mnzanga ali yense ali ndi foni yojambula nkhope m'kuphethira kwa diso, koma makolo athu a masiku aja tikuwadziwa ndi mitengo imene anakhala pansi pace basi.

M'caka ca 1859 Kirk anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi Livingstone. Anaona nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April, ndi Nyanja ya Malawi m'mwezi wa September. Caka cotsatira anafika ku mathithi a Victoria, ndipo pobwerera bwato lace linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Iye anapulumuka, koma mabuku ace ambiri olembamo ndi zojambula zace za zomera zinapita ndi madzi. Inu amene munatayapo kope mayeso ali pafupi mungamve cisoni cace.

Anaponda ndi kwathu kuno komwe. M'mwezi wa July 1861 anali m'gulu loperekeza Bishopu Mackenzie kucokera kwa Chibisa kunka ku Magomero. Pa mudzi wa Mbame anakumana ndi akapolo 84, ambiri a iwo akazi ndi ana, ndipo anawamasula m'magoli ndi m'zingwe. Kucoka apo njira yao inadzera kwa Soce. Ndikakhala pa chuti ndi kuyang'ana phirilo kucokera pakhomo pathu, ndimakumbuka kuti anthu omangidwa anali kudutsa m'munsi mwace. Kirk anacoka pa ulendowo m'caka ca 1863 atadwala kamwazi kwambiri.

Zimene anaona kwa Mbame sanaziiwale. M'caka ca 1866 anapita ku Zanzibar, kumene pambuyo pace anakhala kazembe wa Britain, ndipo m'mwezi wa June 1873 anaumiriza Sultan Barghash kutseka msika waukuru wa akapolo. Ambiri ogulitsidwa pa msika umenewo anali ocokera ku maiko a ku Nyanja kwathu kuno. Kunena zoona, si mau okoma okha amene anagonjetsa Sultan. Kumbuyo kwa Kirk kunali zombo zankhondo, ndipo mphamvu yomweyo inathandiza Angerezi kutenga maiko a eni ace pambuyo pace. Ku Zanzibar anapitirizabe kujambula, ndipo kumeneko nkhope za anthu zinayamba kuoneka m'zithunzi zace. M'caka ca 1874 anali mmodzi wa onyamula maliro a Livingstone ku Westminster Abbey.

Dzina lace tiri nalo pafupi koposa m'mene tiganizira. Mapiri a Kirk Range, a m'malire a dziko lathu ndi Mozambique ca ku Neno ndi ku Ntcheu, anachedwa dzina lace. Ndiponso masuku amene timagula pa msika wa Limbe mvula ikayamba, akatswiri a zomera amacha mtengo wace Uapaca kirkiana, pokumbukira iye. Kunena kuti ndiye anaupeza sindibvomera, pakuti agogo athu anali kudya masuku iye asanabadwe.

Pa ukalamba wace anakhala ku Sevenoaks, m'dziko la England, ndipo maso ace anafoka kwambiri. Anamwalira pa 15 January 1922, ali ndi zaka 89. Makalata ace ndi zina mwa zithunzi zace akuzisunga m'nyumba yaikuru ya mabuku ku Edinburgh.