EDWARD MAKUKA NKOLOSO NDI ULENDO WA KU MWEZI

Edward Makuka Nkoloso anabadwa m'caka ca 1919 ku Northern Rhodesia, dziko limene tsopano lichedwa Zambia. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali msilikali, ndipo atabwerako anagwira nchito ya uphunzitsi. Iye analimbana ndi boma la Angelezi pofuna ufulu wa dziko lace, nalowa m'ndende cifukwa ca ici.

M'caka ca 1960 anayamba sukulu yace ya za mlengalenga. Pa munda wina pafupi ndi Lusaka anali kukonzekeretsa acinyamata ulendo wa ku mwezi. Wophunzira anali kulowa m'mgolo wa mafuta, anzace naukunkhuniza pa citunda kuti azolowere cizungulire. Mnyamata wa kuno ku Mlangeni amene anagubudukapo pa phiri adziwa m'mene mutu ucitira.

Roketi yace, D-Kalu 1, inali ngati mgolo waukulu wa aluminiyamu ndi mkuwa. Iye anafuna kuiulutsa pa 24 October 1964, tsiku la ufulu wa Zambia. Anapempha mapaundi 7,000,000 ku UNESCO koma sanalandire, ndipo roketiyo sinauluke.

Nanga cinasowa nciani kuonjezera pa ndalama? Yankho tilipeza kwa Robert Goddard wa ku America, amene anaulutsa roketi yoyamba ya mafuta amadzi pa 16 March 1926. Roketi yace inali ndi mathanki awiri, lina la petulo, lina la mpweya wa oksijeni wozizitsidwa kufikira utasanduka madzi, pakuti kumwambako kulibe mpweya wokoleza moto. Timipope tinali kutengera ziwirizi ku injini, kumene zinayakira pamodzi, ndipo moto wotuluka mwamphamvu pa kabowo unakankha roketi. Injini anaiika pamwamba, mathanki pansi, nawachinga kuti moto usawaoche. Inakwera mafiti 41 okha m'masekondi awiri ndi theka, koma inauluka ndithu. Injini yotere ndiyo Nkoloso analibe.

Anthu anamseka Nkoloso monga anasekeranso Goddard, koma iye sanaleke kuphunzira. M'caka ca 1983, ali nkhalamba, analandira digiri ya malamulo pa University of Zambia. Anamwalira pa 4 March 1989.

Anzanga, mtima wofuna mwezi tiutenge kwa Nkoloso, koma tisathawe masamu ndi sayansi, pakuti mgolo wopanda injini ungotsika phiri.